Momwe mungapimire m'kamwa ndi nsagwada kuti matenda oopsa asakudutseni

Wodwala akalowa atagwira tsaya, maso athu amathamangira ku dzino. Ndi mmene tinazolowera: dzino likuwawa, tilizule kapena tilimate, munthu azipita. Koma m'kamwa si mano okha. Muli lilime, nkhama, masaya, pansi pa lilime, kumwamba, komanso fupa la nsagwada lomwe maso saliona. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi matenda a m'kamwa. Ochuluka ndi a mano obowoka ndi chiseyeye, ndipo amenewa savuta kuwazindikira. Nkhani ili pa ochepa otsalawo, omwe chilonda kapena kutupa kwawo kumaoneka kwa masiku onse pomwe pansi pake pali khansa kapena chotupa chimene chikudya fupa mwakachetechete.

Ndondomeko ili m'munsiyi ndimaitsata kwa aliyense wokhala pa mpando, ngakhale wongobwera kudzatsukitsa mano. Manja akaizolowera, mphindi zisanu zimakwana.

1. Funsani kaye, magolovesi adikire

Funso lalikulu ndi lakuti, "Zinayamba liti?" Koma samalani ndi yankho lake. Anthu ambiri amakuuzani tsiku lomwe ululu unayamba, osati tsiku lomwe anaona chotupacho. Wina adzati "dzana", koma mukafunsitsa mupeza kuti tsayalo lakhala likukula kwa chaka chathunthu, kungoti silimapweteka. Choncho mufunse kawiri: munayamba liti kumva kuwawa, nanga munayamba liti kuona kuti pasintha?

Kenako mufunse ngati chikukula, ngati chimatuluka magazi kapena mafinya, ngati mlomo wachita dzanzi, ngati akuvutika kumeza, ngati thupi likutsika. Funsani za fodya, wosuta komanso wotafuna kapena woika kumlomo, ndi za mowa. Ziwirizi zikaphatikizana, chiopsezo cha khansa ya m'kamwa chimakwera kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Musachite manyazi kufunsa za HIV ndi shuga, chifukwa nthawi zina m'kamwa ndi momwe matendawa amayambira kuonekera.

Mankhwala nawo ali ndi nkhani. Phenytoin wa khunyu, nifedipine wa kuthamanga kwa magazi ndi ciclosporin wochepetsa chitetezo cha m'thupi amatha kutupitsa nkhama mpaka kuphimba mano. Amene akulandira mankhwala olimbitsa mafupa a gulu la bisphosphonates, kapena amene anawotchedwapo khansa ndi makina kumutu kapena kukhosi, fupa lawo likhoza kukana kupola mukawazula dzino. Izi muzidziwe musanagwire chozulira.

2. Yang'anani kunja musanati "yasamulani"

Imani kutsogolo kwa wodwala n'kuyerekeza mbali ziwiri za nkhope. Mukatero pitani kumbuyo kwake, muyang'ane nkhopeyo kuchokera pamwamba pa mutu. Kutupa kwapang'ono kwa nsagwada kumene sikuoneka maso ndi maso kumaoneka bwino kuchokera pamenepo.

Mudakali kumbuyoko, wodwala aweramitse mutu pang'ono kuti khosi lifewe, ndipo yendetsani nsonga za zala pansi pa chibwano, m'munsi mwa nsagwada, kutsogolo ndi kuseri kwa khutu, n'kutsika m'mbali mwa khosi mpaka pamwamba pa fupa la phewa. Mwanabele wofewa, wopweteka, woyendayenda pansi pa chala, kawirikawiri amasonyeza kuti thupi likulimbana ndi tizilombo. Wolimba ngati mwala, wosapweteka, wokakamira malo amodzi, ameneyo musamunyalanyaze.

Onaninso mmene pakamwa pakutsegukira. Munthu wabwinobwino amalowetsa zala zake zitatu zosanjikiza pakati pa mano akutsogolo. Ndipo tengani kathonje mukhudze mlomo wam'munsi ndi chibwano, kumanja kenako kumanzere, wodwalayo atatsinzina. Mtsempha womwe umapatsa mlomowo mphamvu yomva umadutsa m'kati mwa fupa la nsagwada yam'munsi. Mbali imodzi ikachita dzanzi munthu asanabayidwe jakisoni kapena kuvulala, ndiye kuti pali chimene chikuufinya kapena kuudya mtsemphawo.

Pali zina zomwe zikaoneka pa gawo lino, ndondomeko yonse imaima. Kutupa kolimba pansi pa nsagwada mbali zonse ziwiri, lilime litakankhidwira m'mwamba, malovu akuchucha, mawu atasintha, thupi litatentha: amenewa ndi matenda a Ludwig's angina, ndipo amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Wodwalayo apite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, atakhala tsonga, osamugoneka chagada.

3. M'kamwa muziyendamo njira imodzimodzi tsiku lililonse

Mufunika kuwala kokwanira, kagalasi, magolovesi ndi kansalu ka gauze. Ngati wodwala ali ndi mano oikirira, awachotse. Pansi pake pamabisala zambiri. Ine ndimayamba ndi milomo, kuitembenuza, kenako masaya, nkhama, kumwamba kwa m'kamwa mpaka kummero, n'kumalizira lilime. Inu mukhoza kusankha njira yanu, bola isamasinthesinthe, chifukwa malo amene mwawadumpha lero ndi omwewo mudzawadumphe mawa.

Pa lilime m'pofunika kudekha. Kungoti "tulutsani lilime" sikukwanira, popeza pamwamba pa lilime khansa siimerapo kawirikawiri. Imakonda m'mbali chakumbuyo ndi pansi pake. Kulungani nsonga ya lilime ndi kansalu kaja, likokeni pang'onopang'ono kumanzere mpaka muone m'mbali monse kukafika kumbuyo, kenako kumanja. Wodwala amachita ngati afuna kusanza. Muuzeni apume ndi mphuno, zimatha. Mukatero alikweze kumwamba. Ikani chala chimodzi pansi pa lilime, zala za dzanja linalo kunja pansi pa chibwano, n'kufinya pang'ono zomwe zili pakati. Malowa amayenera kukhala ofewa. Kambulu kalikonse kolimba kamamveka.

Si zonse zachilendo zimene zili matenda. Kafupa kotumphuka pakati penipeni pa kumwamba kwa m'kamwa, kolimba, komwe munthu wakhala nako kwa zaka, kamatchedwa torus ndipo sikafuna chithandizo. Timadontho tachikasu m'masaya ndi tiziwalo ta mafuta chabe. Nkhama zakuda mofanana ponseponse ndi khungu la munthuyo.

4. Choyera, chofiira, chilonda: chitani nacho chiyani?

Mukaona choyera, chipukuteni ndi kansalu. Chikachoka n'kusiya pofiira, kawirikawiri ndi candida, matenda a fangasi, ndipo ntchito yanu ndi kufufuza chomwe chamutsegulira khomo: HIV, shuga, maantibayotiki omwa nthawi yaitali, mankhwala opopera a mphumu, kapena mano oikirira ogona nawo. Chikakana kuchoka, yang'anitsitsani. Timizere toyera tolukanalukana m'masaya onse awiri nthawi zambiri ndi lichen planus, matenda a khungu ndi m'kamwa osapatsirana. Toyera ta mizeremizere m'mbali mwa lilime tingakhale hairy leukoplakia, yomwe imabwera ndi kachilombo ka Epstein-Barr chitetezo cha m'thupi chikatsika. Chigamba choyera chomwe simungachipezere chifukwa chimatchedwa leukoplakia, ndipo zina mwa izo zimasanduka khansa.

Chofiira n'choopsa kuposa choyera, ngakhale sichioneka choncho. Chigamba chofiira, chosalala, chosapweteka, makamaka pansi pa lilime kapena chakummero, nthawi zambiri chimapezeka kuti maselo ake asintha kale. Chofiirira modera kumwamba kwa m'kamwa kapena pa nkhama chikukumbutseni khansa ya Kaposi, ndipo munthuyo ayezedwe HIV.

Tizilonda tozungulira, topweteka kwambiri, totuwa pakati ndi kofiira m'mphepete, timapola tokha pa masiku 7 mpaka 14. Chilonda cha khansa chimachita zosiyana: poyamba sichipweteka kwenikweni, m'mphepete mwake mumatukuka, ndipo mukachigwira chimalimba ngati pansi pake pali chikopa. Khansa za m'kamwa zoposa 90 pa 100 zilizonse ndi za mtundu wa squamous cell carcinoma, ndipo zimayamba motere, moonekera ndi maso.

Lamulo lake ndi la masabata awiri. Ngati pali dzino lakuthwa kapena mano oikirira amene akukhula, chotsani chokhulacho, muuze wodwala abwerenso pakatha masiku 14. Chikapanda kupola, chidulidwe kachidutswa kakapimidwe. Musaonjezere maantibayotiki ena. Ine pamenepa ndinapsapo. Bambo wina wosuta fodya anabwera ndi chilonda m'mbali mwa lilime, moyang'anizana ndi dzino losweka. Ndinalisalaza dzinolo, ndinati, "Bambo, mubwerenso pakatha masabata awiri." Sindinalembe tsiku, sindinatenge nambala ya foni, ndipo sindinawauze chifukwa chake. Iwo anamva ngati ndi mawu otsanzikirana basi. Anabwera patatha miyezi inayi, lilime silikutembenuka bwino, pakhosi pali mwanabele wolimba. Kuyambira pamenepo ndimayeza chilonda ndi rula, kulemba mamilimita ake, kuchijambula wodwala akalola, ndi kunena mosabisa kuti ndikufuna kutsimikiza kuti si khansa.

5. Nsagwada ikatupa, funsani dzino ngati lili moyo

Gogodani mano a pamalo otupawo ndi chogwirira cha kagalasi. Kenako ikani kathonje kozizira kwambiri pa dzino lililonse. Lamoyo limanyung'unya n'kusiya msanga. Lakufa silimva kanthu. Kuyeza kumeneku n'kosavuta koma kumalekanitsa njira ziwiri. Dzino likakhala lakufa, kutupako mwina kwachokera kwa ilo: thumba la mafinya, kapena chotupa chamadzi cha kunsonga ya muzu, chomwe ndi chofala kwambiri mwa zotupa zamadzi za nsagwada. Mano onse akakhala amoyo koma fupa likutupa, musazule kanthu. Gwero lili kwina.

Gwirani fupalo mbali ya kutsaya ndi ya kulilime. Likatupa mbali zonse, mosapweteka, kwa miyezi kapena zaka, makamaka kumbuyo kwa nsagwada yam'munsi, ganizirani ameloblastoma. Nthawi zina fupa limapyapyala mpaka mukalidina limatetheka pansi pa chala ngati chikhokhombe cha dzira. Si khansa yofalikira m'thupi, koma imadya fupa ndipo imabwereranso ngati yangopalidwa pamwamba.

Mano ogwedera popanda chiseyeye, kapena bowo la dzino lozulidwa lomwe silikutseka, n'chizindikiro chakuti fupa la pansi lili ndi vuto. Kwa mwana, izi n'zachangu. Khansa ya Burkitt, yomwe dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda, imakonda nsagwada za ana m'madera a malungo ambiri, ndipo imatha kukula kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Mwana wotupa tsaya mofulumira, mano akugwedera kapena kusuntha, asazulidwe dzino; atumizidwe tsiku lomwelo, chifukwa khansa imeneyi imamva mankhwala ikapezeka msanga. Chimodzimodzi mwana wa zaka 2 mpaka 6 wonyentchera, wa zilonda zonunkha pa nkhama ndi tsaya lotupa: angakhale matenda a noma, omwe WHO inawaika m'gulu la matenda onyalanyazidwa mu 2023. Amabowola tsaya pa masiku owerengeka.

6. Jambulani, koma chithunzi musachipatse dzina msanga

Kachithunzi kakang'ono ka X-ray kamaonetsa dzino ndi muzu wake. Ngati mdima wa pachithunzicho ukupitirira m'mphepete, mufunika chithunzi cha nsagwada zonse, chomwe timati OPG, ndipo zotupa zazikulu zimafuna CT, makina ojambula m'kati mwa thupi m'magawomagawo. Pofotokoza, nenani zomwe mukuona: chili pati, n'chachikulu bwanji, n'chakuda kapena choyera, chili ndi chipinda chimodzi kapena zambiri, malire ake ndi otani, mano oyandikana nacho chawatani.

Malire osalala okhala ndi kamzere koyera amasonyeza chinthu chokula pang'onopang'ono. Mdima wozungulira mutu wa dzino lomwe silinamere, makamaka lomaliza lam'munsi, kawirikawiri ndi chotupa chamadzi chotchedwa dentigerous cyst. Zipinda zambiri ngati thovu la sopo, mizu ya mano itadyeka, zimaloza ku ameloblastoma, ngakhale keratocyst, thumba lina lomera m'fupa la nsagwada, imathanso kuoneka choncho. Keratocyst imayenda m'litali mwa fupa osalitupitsa kwambiri. Malire osadziwika bwino, fupa looneka ngati ladyedwa ndi njenjete, mano ngati akuyandama: ganizirani khansa kapena matenda a m'fupa. Ndipo samalani ndi timidima ta kunsonga za mizu ya mano akutsogolo am'munsi mwa amayi achikuda a zaka zapakati. Ngati manowo ali moyo, kawirikawiri ndi cemento-osseous dysplasia, kusintha kwa fupa komwe si khansa, imene imangofuna kuiyang'anira. Mano ambiri abwinobwino aphedwa mitsempha pachabe chifukwa cha timidima timeneti.

7. Kachidutswa ka kulabu ndi kalata yotumizira

Dzina lenileni la chotupa limachokera pa maikulosikopu. Ngati munaphunzira kudula kachidutswa, tengani m'mphepete mwa chilonda pamodzi ndi kanyama kabwino pang'ono, osati pakati pomwe pawola. Jakisoni wa dzanzi mubaye mozungulira, osati m'chilondamo. Kachidutswako kalowe nthawi yomweyo mu formalin (mankhwala osungira nyama kuti isawole) wa 10 peresenti, wochuluka kokamiza bwinobwino, osati m'madzi. Chotupa cha m'fupa muyambe mwachikoka ndi singano: madzi achikasu amaloza ku chotupa chamadzi, zoyera zokhuthala ku keratocyst, koma magazi akadzaza sirinji mosavuta, imani pomwepo, chifukwa pangakhale mitsempha yolukana yomwe ingataye magazi osaletseka. Chotupa chimene chikugunda ngati mtima, kapena chomwe mukuchikayikira kwambiri kuti ndi khansa, chisiyireni dokotala wa maopaleshoni a nsagwada.

M'kalata yotumizira lembani tsiku lomwe vutolo linayamba, malo ake enieni, kukula kwake m'mamilimita, mmene likumvekera pa chala, za anabele ndi dzanzi, za fodya ndi mowa, mankhwala onse amene wodwala walandira kale, ndi chimene inuyo mukuchiopa. Zithunzi za X-ray zipite limodzi ndi kalatayo. Tengani nambala ya foni ya wodwala ndi ya wachibale mmodzi, ndipo pakatha sabata imbani mufunse ngati anafika.