Zotsala pa Lizulu tisamataye, tizipereka chonchi

Inu ogulitsa pa Lizulu ndi a malesitilanti pa Dedza boma, ine zimandiwawa kuona kabichi ndi tomato zikuolera m'mbali mwa M1 pomwe kumudzi ana akugona ndi njala, makamaka January ndi February nkhokwe zitatha.

Dzuwa lisanalowe sankhani katundu wanu, zofota kapena zophwanyika pang'ono ikani m'dengu lina, koma zoola ndi zonunkha ayi ndithu, zimenezo ndi za manyowa basi. Kachewere wobiriwira khungu uja musapereke, amadwalitsa. Kenako pezani munthu mmodzi wokhulupirika, kaya amfumu, amayi a Mvano kapena osamalira ana ku sukulu ya mkombaphala, mugwirizane tsiku ndi nthawi, mupatsane manambala muziuzana pa WhatsApp ndiye wakabaza azingokatula.

Pa nsima ndi mpunga wophika kale apa ndiye samalani kwambiri, zipite tsiku lomwelo m'poto wovundikira, zikafika azitenthetsenso mpaka nthunzi, ndipo zotsala m'mbale za makasitomala musaphatikize. Masamba akachuluka auzeni amayi awafutse adzadye mfutso. Ndipo chonde musamajambule anthu akamalandira, ena amasiya kubwera chifukwa cha manyazi.