Lipoti la mikangano likafika pa tebulo langa, ndimayamba kufunsa za mwezi

Ntchito yanga ndi yowerenga malipoti a anthu ena n'kumawalemba ndi cholembera chofiira m'mphepete. Bungwe lakunja likafuna kuthira ndalama m'dera, kaya ndi za sikimu ya mthirira, mijigo kapena kudzala mitengo, limayamba latuma anthu kukafufuza ngati kuderako kuli mikangano yomwe ndalamazo zingaikolezere moto. Akabwerako amalemba lipoti, ndipo lipotilo limandipeza ine kuti ndione ngati laganizirako za nthaka, madzi, nkhalango ndi nyama. Achinyamata omwe angoyamba ntchitoyi amandifunsa kawirikawiri kuti ndimayambira pati, ndiye ndati ndifotokoze kamodzi pano.

Choyamba mudziwe msampha womwe uli pakhomo penipeni. Malamulo a boma la America otchedwa Regulation 216, omwe USAID, bungwe la chithandizo la boma limenelo, inkatsatira mpaka pomwe inatsekedwa mu 2025, ankafuna kuti pulojekiti iunikidwe kaye ngati ingawononge chilengedwe. Koma kafukufuku, misonkhano ndi maphunziro zinkaloledwa kudutsa popanda kauniuni wozama, poti munthu wonyamula kope ndi bolopeni sagwetsa mtengo. Mabungwe ena ali ndi malamulo awoawo, koma kaganizidwe kameneka mukapeza paliponse. N'zoona, wofufuza sagwetsa mtengo. Komatu lipoti lake ndi lomwe limaloza komwe makina okumba adzalowere, mudzi womwe udzalandire ngalande ndi womwe udzangoonerera. Choncho fomu ikati lipotili silifunika kuunikidwa, sainani fomuyo ngati lamulo likutero, kenako muliwerengebe lonse.

Ine sindiyambira tsamba loyamba. Ndimatsegula kumapeto, komwe kuli masiku omwe ofufuzawo anali kumudzi. Nthawi zambiri mupeza Juni kapena Julayi, chifukwa misewu imakhala youma ndipo galimoto ifika paliponse. Koma Juni ndi mwezi wa mtendere. Nkhokwe zili ndi chimanga, mtsinje ukuyendabe, ng'ombe zikudya mapesi m'minda popanda wozikalipira. Mukafunsa munthu wokhuta ngati pali mkangano, akuuzani kuti kuno timakhala bwinobwino, ndipo sakunama. Mubwerere mu Okutobala, chitsime chimodzi chikumwetsa midzi itatu ndi ziweto zomwe, kapena mu Febuluwale, mbuzi italowa m'munda wa mwini chimanga chili m'maondo. Ndiye ndimatenga pepala, n'kulemba miyezi yonse 12 motsika, ndipo pa mkangano uliwonse womwe lipoti latchula ndimaika chizindikiro pa mwezi wake. Miyezi ya chilimwe ndi ya njala ikatsala yoyera, ndemanga yanga yoyamba yapezeka kale: bwererani, kapena funsani anthu omwewo za miyezi imeneyo mwachindunji.

Kenako ndimapempha mapu. Apa pali chodabwitsa chomwe sindinachizolowerebe. Olemba lipoti la mikangano ndi olemba lipoti la chilengedwe, lomwe timalitcha ESIA, kawirikawiri amakhala magulu awiri osadziwana, olipidwa pa makontirakiti osiyana. Wina amadziwa kuti gulupu uyu sayankhulana ndi uyo, wina amadziwa kuti dambo ili limasefukira, koma palibe yemwe wasanjikiza mapepala awiriwa. Ntchito imeneyo ndi yanu. Lamulo la chilengedwe la 2017 ndi lomwe linakhazikitsa MEPA, bungwe lomwe limavomereza malipoti a ESIA ku Malawi kuno, ndipo pa khonsolo ya boma lililonse pali mkulu woona za chilengedwe. Ngati ESIA sinalembedwebe, pitani kwa iyeyo, amadziwa madambo ndi makhwawa a boma lake kuposa mapu aliwonse.

Mapu ali pa tebulo, sakani mawu awa m'lipoti: malo ongokhala, malo osalimidwa, tchire. Paliponse pomwe mwawapeza, zungulizani. Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi sindinaonepo malo ongokhala. Dambo lomwe mlendo amaliona ngati thengo ndi momwe amayi amamweta udzu wofolera, momwe amakumba dongo la mbiya, momwe anyamata amadyetsa ng'ombe madzi akaphwa, momwe muli madimba a mpiru ndi tomato omwe amalipira fizi. Ndinalakwitsapo ndekha pa nkhani imeneyi. Ndinavomereza lipoti la bungwe lina lomwe linati dambo lina ndi lopanda mwini ndipo mfumu yalipereka kuti pakhale sikimu ya mpunga. Mfumu inaperekadi, siinaname. Koma eni ng'ombe a midzi yakumtunda, omwe sanali pansi pa mfumuyo, ankatsikira m'dambomo chaka ndi chaka kuyambira makolo awo. Mpunga utamera, ng'ombe zinabwera nthawi yake monga mwa masiku onse. Zotsatira zake zinakathera kupolisi, ndipo siginecha yanga inali pa lipotilo. Kuyambira pamenepo funso langa limakhala lakuti, ndani amaponda pamalopa pa chaka chonse, ngakhale kwa sabata ziwiri zokha?

Funso limenelo limakufikitsani pa mndandanda wa omwe anafunsidwa. Uwerengeni dzina ndi dzina, udindo ndi udindo. Mupeza a T/A, a gulupu, a nyakwawa, wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera (ADC), wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), alangizi a zaulimi, mwina ndi abusa a mpingo. Onsewa ngofunika, ndipo kuwalambalala n'kudziputira mavuto. Koma awa ndi anthu omwe amaitanidwa ku msonkhano uliwonse, amadziwa zomwe alendo amafuna kumva, ndipo amadziwanso kuti kutchula mkangano kungathawitse chitukuko n'kupita kwa mfumu ina. Omwe amasowa pa mndandanda ndi omwewo nthawi zonse: wobwereka munda, mkamwini, mayi wamasiye wokhala kwa mwamuna, msodzi wobwera, wootcha makala, mnyamata woweta ng'ombe za eni. Anthu amenewa ndi omwe amadya mwachindunji kuchokera ku dambo, ku nkhalango ndi ku nyanja, ndipo ndi omwe sayankhula pabwalo mfumu ili pomwepo. Onaninso ngati lipoti lasiyanitsa madera a chikamwini ndi a chitengwa. Ku Chigwa cha Shire mungapeze Amang'anja ndi Asena m'dera limodzi, ena munda ukutsata kuchikazi, ena kuchimuna. Fomu yolembetsa mwini munda yokhala ndi mzere umodzi wa mutu wa banja ikhoza kulanda mayi munda wa mayi ake popanda aliyense kufuna kutero. Malamulo a malo a 2016 anabweretsa kalembera wa malo a makolo kudzera m'makomiti a m'midzi, ndipo komwe kalemberayu akuchitika, malire omwe anthu ankangolozerana ndi chala amasanduka milandu.

Ngati ndalama zikuchokera ku World Bank, muli ndi ndodo yogwira. Kuyambira Okutobala 2018 bankiyi imatsata mfundo khumi za chilengedwe ndi anthu. Yachisanu imakamba za kutenga malo ndi kusamutsa anthu, ndipo imawerengera ngakhale omwe alibe chikalata cha malo, komanso omwe atsekeredwa njira yopita komwe ankapeza nkhuni, msipu kapena nsomba. Yachisanu ndi chitatu ndi ya malo a chikhalidwe, yakhumi ndi ya kukambirana ndi anthu ndi njira yoperekera madandaulo. Mukatchula nambala ya mfundo mu ndemanga yanu, anthu a ku ofesi amasiya kukuonani ngati wovuta chabe.

Za malo a chikhalidwe ndingonena mwachidule. Manda, dambwe ndi kachisi sizioneka pa zithunzi za m'mlengalenga, zimangooneka ngati kankhalango. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, komwe kuli kachisi wa Mbona, aliyense amaidziwa. Koma mudzi uliwonse uli ndi kake kakang'ono, ndipo za dambwe sakuuzani pa msonkhano wa anthu onse. Lipoti likakhala chete pa zimenezi, sikuti kulibe.

Gawo lomwe ndimathera nthawi yambiri ndi la madzi. Ikani chala pomwe pulojekiti idzapatutse madzi, n'kutsetsereka nacho mpaka komwe mtsinje ukathera. Malipoti ambiri amathera pa malire a pulojekiti, ngati kuti madzi nawo amathera pomwepo. Tengani chitsanzo cha Nyanja ya Chilwa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mitsinje ngati Domasi, Likangala ndi Phalombe. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaphwanso. Nyanja ikaphwa, asodzi a matemba amasamukira ku nyanja zina komwe eni ake ali kale ndi malamulo awo, ena amatembenukira ku makala ndi kusaka mbalame, ndipo pansi pomwe panali madzi pamakhala munda ndi msipu zomwe aliyense akuti n'zake. Munthu wofufuza mikangano kumeneko m'chaka cha madzi ambiri sangaone chilichonse mwa izi. Ndiye ngati wina akufuna kukuza mthirira kumtunda kwa mitsinje imeneyi, lipoti liyenera kunena zomwe zidzachitike kwa msodzi wa ku Kachulu m'chaka cha chilala, ngakhale msodziyo sali pa mndandanda wa opindula. Nyanjayi inalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 1997, ndipo gombe lake lakum'mawa lili kufupi ndi malire a Mozambique, choncho nkhani yake si ya dziko limodzi.

Muyang'anenso chaka cha madzi osefukira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati a magetsi pafupifupi 130. Pomwepo ndi pomwe ngalande yaikulu ya pulogalamu ya mthirira ya Chigwa cha Shire, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, imatengera madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Madzi saiwala khwawa, ndipo akadutsa amafafaniza malire a minda, amakwirira zikhomo ndi mchenga, n'kukankhira anthu kumtunda komwe kuli eni ake. Lipoti lolembedwa ngozi zoterezi zisanachitike ndimalitenga ngati lakale, ngakhale litakhala la chaka chatha.

Pali mtundu wina wa mkangano womwe ofufuza amauphonya chifukwa sunabadwe: womwe pulojekitiyo idzabwere nawo. Mapulojekiti oteteza chilengedwe ndi omwe amandidetsa nkhawa kwambiri apa, chifukwa aliyense amaganiza kuti ngabwino kale. Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Kwa njovu ndi kwa anthu a ku Liwonde zinali zomveka. Koma paki ya Kasungu ili m'malire ndi Zambia, ndipo m'zaka zotsatira anthu a m'midzi yozungulira, mbali zonse ziwiri za malire, akhala akudandaula za mbewu zowonongeka ndi imfa za abale awo. Chimodzimodzi nkhalango ya mudzi ikatsekedwa kuti ibwerere, mayi yemwe ankatolamo nkhuni sasiya kuphika. Amakatola kwa mudzi woyandikana nawo. Pa ntchito iliyonse yomwe pulojekiti ikufuna kuchita, lembani yemwe adzapeze ndi yemwe adzataye, ndipo wotayayo mumutsatire komwe adzalowere.

Musangosaka zogawanitsa anthu. Lipoti labwino limaonetsanso zomwe anthuwo ali nazo kale zothetsera mikangano ya zachilengedwe. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri, ndipo asodzi amamvera. Pulojekiti yofika pamalo otere ndi komiti yake yatsopano, malamulo ake ndi maalawansi ake ikhoza kufooketsa chinthu chomwe chinkayenda chokha. Ndikaona lipoti likupempha komiti yatsopano, ndimafunsa kuti komiti ya pagombe, ya zachilengedwe ya m'mudzi kapena ya ogwiritsa ntchito madzi yomwe ilipo kale yalephera chiyani.

Polemba ndemanga, pewani mawu akuti lipotili silinaganizire mokwanira za chilengedwe. Palibe yemwe angachitepo kanthu pa chiganizo chotere, adzangowonjezera ndime imodzi ya kusintha kwa nyengo n'kukubwezerani. Lembani tsamba, vuto ndi chochita: tsamba lakuti likuti dambo ndi longokhala, pitani mukafunse eni ng'ombe a midzi yakumtunda ndi amayi omweta udzu, aliyense payekha, mfumu palibe. Ndemanga zisapitirire zomwe gulu lingakwanitse pa ulendo umodzi wobwereza, chifukwa bajeti ya ulendo wachitatu sipezeka. Ndipo fufuzani njira ya madandaulo yomwe lipoti lalemba. Ikakhala nambala ya foni ndi bokosi la pa ofesi ya pulojekiti, funsani kuti mayi wosadziwa kulemba, wokhala mtunda wa maola awiri, yemwe dandaulo lake likukhudza mfumu yomwe ili mu komiti ya madandauloyo, adzakanena kwa yani. Sabata yathayi ndabweza lipoti lina ndi funso limeneli, ndipo ndawapempha kuti ulendo wobwerezawo aupange mu Okutobala.