Musanatchule mtengo kwa wogula wa kunja

Inu amalonda ang'onoang'ono amene mwapeza kasitomala kunja, musafulumire kutchula mtengo. Yambani mwamvana kuti udindo wanu uthera pati. Malamulo a Incoterms 2020, okonzedwa ndi bungwe la amalonda la padziko lonse la International Chamber of Commerce, alipo 11, ndipo amanena amene alipire thiransipoti, inshuwalansi ndi msonkho pakati pa wogulitsa ndi wogula. Lamulo lililonse limadziwika ndi zilembo zitatu, monga FOB, CIF ndi DDP.

Mukagwirizana FOB, ntchito yanu yatha katundu akakwera sitima yapamadzi padoko, kwinako ndi kwa wogula. Pa CIF, sitima ndi inshuwalansi mumalipira ndinu, choncho ziwerengereni mumtengo. Koma DDP ithaweni mukadali ongoyamba kumene, chifukwa ngakhale msonkho wa dziko la wogula umagwera inu, phindu lonse n'kuthera pomwepo.

Zilembo zitatu za lamulo limene mwagwirizana, pamodzi ndi dzina la doko kapena malo, zilembeni pa invoisi.