Mwagula puloti yokwirira? Umu ndi mmene mungaikire maziko nyumba isadzang'ambike

Malo ouma bwino m'tauni ya Kasungu akusowa, ndiye mapuloti ambiri amene akugulitsidwa masiku ano ndi a m'mphepete mwa dambo kapena pamene kale panali nkhuti za njerwa. Wogulitsa amathirapo matipa angapo a dothi, n'kusalaza, udzu n'kumera. Msuweni wanga anagula malo otere, ndipo nyumba inatha bwinobwino. Patangodutsa dzinja lachiwiri chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka, kenako mng'alu wopendama unatsika kuchoka pakona ya zenera mpaka pansi. Simenti sanaumire ayi. Kona imodzi ya nyumbayo inali pankhuti yokwirira.

Dothi lothira limakhala ndi mipata yambiri mkati. Madzi akalowa, nyumba n'kulemera pamwamba, dothilo limatitimira, ndipo silititimira mofanana. Mbali ina ikatsika, ina n'kutsala, khoma limang'ambika. Choncho ntchito yonse yagona pa chinthu chimodzi: maziko apyole dothi lothiralo, akakhale pa nthaka yachilengedwe.

Yambani ndi kufunsa, musanagule n'komwe thumba la simenti. Pezani munthu amene wakhalitsa m'deralo, mumufunse mwaulemu kuti, “Agogo, kodi pano kale panali chiyani?” Iwo ndi amene amakumbukira pamene panali dzala, chitsime, chimbudzi chakale kapena chulu chimene anachigumula. Wogulitsa puloti sangakuuzeni zimenezi.

Mukatero kumbani mayenje oyesera, limodzi pakona iliyonse ya pamene padzakhale nyumba ndi lina pakati. Dzenje likhale lalikulu moti munthu n'kulowamo ndi fosholo. Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa makoma a dzenjelo amanena zonse. Dothi lothira limaoneka losakanikirana mitundu, muli zibenthu za njerwa, makala, phulusa, majumbo, nthawi zina nsanza. Pansi pake nthawi zambiri mumapeza kamzere kakuda, ndiko kuti udzu ndi dothi lapamwamba limene linakwiriridwa osachotsedwa. Kamzereko si nthaka yolimba, pitirizani kukumba. Nthaka yachilengedwe imakhala ya mtundu umodzi, monga katondo wofiira kapena dothi la nsangalabwi, ndipo piki imayamba kulimba. Tengani chitsulo cha Y12, chitsulo chomangira chonenepa mamilimita 12, muchikankhe ndi manja pansi pa dzenjelo. Chikamalowa mosavuta, simunafike.

Nthawi yabwino yokumba mayenjewa ndi February kapena March, pamene madzi apansi akwera. Lisiyeni dzenje usiku wonse, mmawa muone ngati mwadzadza madzi. Puloti imene mu October imaoneka gwa, mu February imatha kukhala chithaphwi. Dzenje likapitirira mita imodzi ndi masentimita 20, makoma a dothi lothira amatha kugumukira wokumba, ndiye atchinjirizeni ndi matabwa kapena mulikuze kukamwa. Ndipo livundikireni, ana a m'makomo oyandikana sachedwa kufika.

Kuya kwa dothi lothiralo ndiye kukuuzeni mtundu wa maziko. Ngati silikupitirira mita imodzi, kumbani ngalande za maziko mpaka mulipyole, mulowenso masentimita osachepera 30 mu nthaka yolimba. Pa nyumba wamba yopanda chipinda chapamwamba, konkire ya pansi imakhala masentimita 60 m'lifupi ndi masentimita 20 kapena kuposerapo kuchindikala, ndipo pa malo otere musamane zitsulo: Y12 zitatu kapena zinayi zoyenda m'litali, zomangidwa ndi maring'i, zokhotetsedwa bwino m'makona. Nthaka yolimba ikakhala yakuya mbali ina, musapendeketse ngalande. Ikumbeni ngati masitepe, sitepe iliyonse ili levulo.

Dothi lothira likafika mita imodzi ndi theka, kapena pansi pake mukapeza makande, nkhani yasintha. Makande amafufuma akanyowa n'kung'aluka akauma, ndiye amakankha maziko chaka ndi chaka. Apa mmisiri wa m'dera yekha sakwanira, funani injiniya. Iye angasankhe mapilala otsika mpaka pa nthaka yolimba n'kuwalumikiza ndi bimu yapansi, kapena silabu imodzi yazitsulo yonyamula nyumba yonse. Angafunenso kuti dothi likayezedwe, ntchito imene amaigwira a Central Materials Laboratory ku Lilongwe. Anthu amaona ngati kulipira injiniya n'kutaya ndalama, koma ine ndinaona msuweni wanga akugumula khoma lopaka kale penti. M'tauni pulani imayeneranso kuvomerezedwa ndi khonsolo, ndipo ngati mukulemba kontilakita, onani kuti ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno.

Mukapeza dzala kapena chimbudzi chakale, palibe zokambirana. Zinyalala zimapitiriza kuwola, pamwamba n'kumatsika. Fukulani zonse, apo ayi sunthani nyumba.

Tsopano mkati mwa maziko, pamene padzakhale pansi pa nyumba. Apa ndi pamene amisiri ambiri amathamanga, amangokhuthula mawilibala mpaka kudzadza, n'kusinja pamwamba pokha. Ena amati mvula itsendera yokha. Mvula imathandizako pang'ono, koma siifika pa kulimba kofunika. Chotsani dothi lofewa lonse, muthire gelevulo kapena katondo wosakanikirana ndi timiyala, masentimita 15 okha nthawi imodzi. Wazani madzi, sinjani, kenako muthire ena 15. Madzi akhale oti mukafumbata dothilo ligwirane koma lisadonthe. Makina otsendera amachita bwino kuposa chosinjira chamanja, ndipo kubwereka tsiku limodzi kapena awiri n'kotchipa kuyerekeza ndi kuswa silabu. Makande ndi dothi lakuda la m'munda zisalowemo. Pamwamba ikani miyala yoswa, isinjidwenso, kenako mchenga wotseka mipata, mankhwala a chiswe, pepala lapulasitiki lochindikala lotchinga chinyontho, waya wa meshi, ndiye silabu ya masentimita 10.

Konkire ya maziko azitsulo isakhale yoonda. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a kwale. Wilibala yodzadza mosefukira si muyezo, ikhale yosalaza. Zitsulo zisagone padothi, zikwezeni masentimita 5 ndi timabuloko ta simenti kuti konkire izikute mbali zonse, apo ayi dzimbiri lizidya. Mukathira, muzinyowetsa masiku 7. Pokweza khoma, waya wa brickforce, umene umayalidwa pakati pa njerwa kuti khoma lilimbe, ulowe pakatha mizere itatu iliyonse, pepala lotchinga chinyontho likhale pamwamba pa maziko, ndipo pamwamba pa mazenera pazungulire bimu yazitsulo.

Chotsala ndi madzi, chifukwa ndi amene amadzutsa dothi lothira. Pansi pa nyumba pakwere masentimita osachepera 30 kuchoka pabwalo. Zungulizani nyumba ndi kakhonde ka simenti kotalika mita imodzi kuchoka pakhoma, kopendekera kunja, ndipo madzi a padenga alowe mungalande yopita kutali. Dzenje la madzi a kubafa ndi septiki zisayandikire maziko, chimodzimodzi bulugamu ndi mitengo ina ya mizu yaitali.

Ngati nyumba munamanga kale ndipo mng'alu waoneka, musathamangire kuumata. Lembani ndi pensulo pamene wathera, muyeze kukula kwake, mulembenso tsiku pakhomapo. Muuonenso mwezi ndi mwezi mpaka mvula ithe. Ukamakula, itanani injiniya, ndipo akumbe pambali pa khoma pamene pang'ambikapo aone chimene maziko akhalira.