Kugwa ndi kuwombana kwa m'Chingerezi si ngozi nthawi zonse

Mukamva wina akuti "I bumped into her" kapena "I ran into my teacher", musathamangire kupepesa. Palibe wavulala, angokumana mosayembekezera. Koma chotsatira chikakhala khoma kapena galimoto, pamenepo ndiye kuwomba kwenikweni.

"Fall" ndiye amasokoneza ambiri, chifukwa kamawu kotsatira ndi komwe kamasenza tanthauzo. "Fall out with" ndi kuyambana mpaka osalankhulana. "Fall through" ndi pamene mapulani kapena malonda alephereka. "Fall behind" ndi kutsalira, monga pa lendi.

Chenjerani kwambiri ndi "fall for": kukatsatira munthu, ndiye kuti mtima wakopeka naye, kukatsatira bodza, ndiye kuti mwapusitsidwa. Zikachitika kale mulembe "fell", osati "felt", amene amachokera ku "feel".