Mwawakhazika pabwalo, nanga mukuyankhiranji nokha?

Teremu ino ndalowa m'makalasi angapo ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo chimene ndachiona chandidwalitsa mutu. Madesiki mwakankhira kukhoma, ana mwawakhazika mozungulira ngati pabwalo la amfumu, mwalengeza kuti lero zokambirana atsogolera ndi iwowo. Zonsezo n'zabwino. Koma pakamwa posatseka ndi panu pomwe, aphunzitsi anzanga.

Kalasi ina ya Fomu 3 inali pa Rudd Concession ya mu 1888, pangano limene Lobengula, mfumu ya Amandebele, anapatsa nalo azungu ufulu wokumba migodi m'dziko lake. Funso linali lakupsa ndithu: kodi Lobengula ananyengedwa, kapena ankadziwa zimene ankachita koma analibe pothawira? Mtsikana wina wofatsa anayamba, "Ine ndikuona ngati mfumuyo..." n'kuima kuti ameze malovu. Pompo aphunzitsi anam'landa mawu m'kamwa. "Eya, ukuti inanyengedwa. Wakhoza! Muombereni m'manja." Anzake anaomba, n'kuweramira m'makope kulemba. Potuluka ndinam'funsa mwanayo, ndipo anandinong'oneza kuti ankafuna kunena zosiyana, zoti mfumuyo inkangofuna kupeza mpata poona mfuti za azungu. Mtsutso wonse wa tsikulo unafera m'mimba mwake.

Mukati "wakhoza", nkhani yatha. Ndani angatsutse yankho lomwe aphunzitsi alidinda kale? Kuyambira pamenepo ana sayang'ananso mnzawo amene akulankhula, amayang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mukugwedeza mutu. Olankhula amakhala atatu omwe aja a masiku onse. Piriyodi yapita, fumbi lokoka madesiki mwalimeza, koma mwaphunzitsa monga munkachitira muli pabolodi ndi choko.

Mary Budd Rowe wa ku America anayeza zimenezi cha m'ma 1970. Anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi basi, koma akapirira masekondi atatu mayankho amatalika ndipo ana ofatsa nawonso amatsegula pakamwa. Masekondi atatu! Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife chete wa m'kalasi timamuopa ngati maliro.

Musandiuze za silabasi, nyimbo imeneyo ndatopa nayo. Mu 2024 CALA, ntchito zimene ana ankachita m'kati mwa chaka n'kupatsidwa malikisi owerengedwa pa mayeso, inachotsedwa, m'malo mwake munabwera mapulojekiti a ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya Heritage-Based Curriculum ofuna kuti mwana aone vuto la kwawo, aganize yekha njira. Mwana amene sanaloledwepo kumaliza chiganizo chake adzaganiza bwanji? Adzakopera za pa WhatsApp. Ndiye pa mayeso a boma a ZIMSEC, funso likam'funsa kuti akugwirizana ndi mfundo ina mpaka pati, adzakhuthula manotsi anu onse osatenga mbali.

Agogo ena akwathu, ochokera ku Dedza, amalima kamunda ka chimanga cha ku Cleveland Dam. Ndinawapeza akuunga mizere okha, msana uli wopindika, ndipo ndinawafunsa kuti, "Agogo, mnyamata wanu uja ali kuti?" Anaseka. "Mwanawe, ndinamuononga ndine. Akakhotetsa mzere pang'ono ndinkam'landa khasu n'kuwongola ndekha. Lero ali ndi ndevu, koma akafika kumunda amaima n'kumandiyang'ana." Anandipatsa tsabola wodzaza m'manja, n'kupitiriza kugaula.

Zochita zake si zambiri. Apatseni ana ndime yaifupi dzulo lake kuti akawerenge kunyumba. Funso likhale loti anthu anzeru angasiyane nalo maganizo, osati lofuna chaka kapena dzina. Poti makalasi athu ndi odzaza, ikani ana khumi kapena khumi ndi awiri pakati, enawo azungulire kunja akulemba amene wapereka umboni ndi amene wangobwebweta, kenako asinthane. Wotsutsa aloze mzere m'ndimemo. Wokakamira pa Chingerezi muloleni ayambe m'Chishona kapena m'Chichewa, zonsezi zili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko a mu 2013. Inuyo khalani kunja kwa bwalo, kumbuyo kwenikweni komwe sakuonani nkhope, muwerenge chamumtima mpaka khumi musanatsegule pakamwa. Zolakwika zimene mwamva zilembeni pakapepala, mudzaziwongole m'mphindi zisanu zomaliza belu lisanalire.