Mmene mungaonerere sewero la banja la a Nelson mpaka kulikonda

Anthu ambiri amene ndawauzapo za The Adventures of Ozzie and Harriet amayambira pa gawo loyamba, n'kulisiya lisanafike pakati. Ine ndimawauza kuti vuto lili poyambira. Seweroli linaonetsedwa pa kanema wa ABC ku America kuyambira 1952 mpaka 1966, ndipo lili ndi magawo 435. Kuliona mwadongosolo kuchokera koyamba n'kudzitopetsa chabe.

Choyamba dziwani kuti anthu mukuwaonawo ndi banja lenileni. Ozzie Nelson ndi mkazi wake Harriet ankasewera ngati eni ake, pamodzi ndi ana awo awiri, David ndi Ricky. Ngakhale nyumba imene imaoneka kunja kwake inali yawo yomwe, ya ku Hollywood. Mukagwira zimenezi, mudzayamba kuona zomwe ena amaziphonya.

Magawo ambiri amapezeka pa YouTube komanso pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losunga zinthu zakale. Sankhani limodzi la mu 1953, pamene Ricky anali kamnyamata ka zaka 12 kapena 13, kolongolola, koyankha bambo ake mosaopa. Kenako dumphani mpaka gawo la "Ricky, the Drummer" la mu April 1957. Kumapeto kwake mnyamata yemwe uja, tsopano wamtali, tsitsi litapesedwa bwino, akuimba nyimbo ya "I'm Walkin'" ya woimba wotchuka Fats Domino pamaso pa achinyamata anzake. Ndimalibwereza kawirikawiri gawo limeneli, chifukwa ukuona ndi maso ako mwana akusanduka woimba wotchuka m'sewero la makolo ake. M'magawo otsatira muziyang'ana kumbuyo kwake, muona katswiri wa gitala James Burton akuliza gitala mwakachetechete.

Musamadikire nkhani yaikulu, palibe. Pali gawo lina la mu 1957 lomwe Ozzie akungolakalaka ayisikilimu wa tutti-frutti usiku, n'kuyamba kumufunafuna m'tauni. Nkhani yonse ndi imeneyo basi. Kukoma kwake kuli m'makambitsirano: Ozzie akafuna kufotokoza chinthu chaching'ono amachizunguliza mpaka kusokonezeka yekha, pamene Harriet amangomuyang'ana n'kunena mawu amodzi othetsa mkangano. Muzimvetsera Harriet kwambiri. Ambiri amamutenga ngati mayi wongokhala kukhitchini, koma nzeru zonse za m'nyumbamo zili mwa iye.

Funso lomwe lingakuvuteni n'lakuti, kodi Ozzie amagwira ntchito yanji, popeza nthawi zonse ali pakhomo atavala juzi? Seweroli silinanenepo. Ntchito yake yeniyeni inali kuseri kwa kamera, komwe ankatsogolera kujambula ndi kuthandiza kulemba nkhani zake.

Mukapeza gawo lokhala ndi malonda akale a Kodak (kampani ya makamera) kapena Hotpoint (ya zipangizo zamagetsi za m'nyumba), musawadumphe. Amakuonetsani moyo umene makampaniwo ankafuna kuti mabanja a ku America azilakalaka nthawi imeneyo, ndipo kumbukirani kuti anali moyo wa azungu opeza bwino, osati wa aliyense.

Ndikulangizani kuti muziona magawo awiri okha pa tsiku, chifukwa lililonse limatenga mphindi pafupifupi 25. Magawo a chaka chomaliza, omwe zithunzi zake zili ndi mitundu, osati zakuda ndi zoyera zokha, muwasungire kumapeto. Pamenepo David ndi Ricky ndi anthu apabanja, ndipo akazi awo enieni, June Blair ndi Kris Harmon, akusewera nawo limodzi.